Mafunso ndi mayankho: zochitika za chaka chonse pa nyumba yosungiramo zamakolo kuno kuchigwa cha Shire

Aphunzitsi, alendo ochokera kumtunda komanso ana a kuno amene anakhazikika m'tauni amatifunsa mafunso ofananafanana okhudza nyumba yosungiramo zamakolo ya m'mudzi mwathu. Ife a komiti yoyang'anira nyumbayi tasonkhanitsa mayankho athu pano kuti wofuna kubwera adziwiretu zimene adzapeze pa nyengo imene wasankha.

Kodi nyumbayi ndi yotani, ndipo ikusiyana bwanji ndi ya ku Chichiri?

Nyumbayi si chinyumba cha njerwa ndi malata, koma ndi khomo lathunthu la banja monga momwe makomo a Amang'anja ndi Asena ankaonekera malata asanafale m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje. Pali nyumba yogona ya mitengo yomata ndi dothi, chisakasa chophikiramo, nkhokwe, gowero la anyamata, khola la mbuzi, ndiponso bwalo limene lili pansi pa mtengo wa bwemba. Ku Chichiri mumzinda wa Blantyre zinthu zakale zimasungidwa m'magalasi kuti zisakhudzidwe, ndipo n'koyenera kutero chifukwa zambiri mwa izo zikawonongeka sizingapezekenso. Kuno mtondo umasinjidwiramo, mphero imapera, mono umalowa m'madzi, ndipo chikatha timaitana mmisiri wa m'mudzi kuti apange china ana akuona. Zinthu zochepa zokha, monga makasu akale osula pamanja ndi mikanda imene mabanja anatipatsa, ndi zimene timazisunga m'bokosi lokhoma.

N'chifukwa chiyani simulengeza masiku a zochitika chaka chisanayambe?

Funso ili limabwera kawirikawiri, nthawi zina ndi mawu odandaula, makamaka kuchokera kwa anthu ogwira ntchito m'maofesi amene amafunika kupempheratu tchuthi. Dandaulo lawo timalimva, koma masiku a zochitika zathu sitisankha ndife. Amene amaonetsa ntchito pa nyumbayi si antchito olembedwa. Ndi alimi, asodzi ndi amayi a m'mudzi momwemo, ndipo aliyense ali ndi munda wake umene suyembekeza mlendo. Mvula ikachedwa, mapira amachedwa kucha, ndipo tsiku lopuntha mapira limasuntha. Madzi a Shire akachedwa kuphwa m'madambo, anthu amachedwa kulowa m'madimba, ndipo udzu wofolerera nawo umachedwa kumwetedwa. Tikanati tilembe tsiku pa kalendala n'kuumirira pomwepo, tikanakakamizika kugula mapira a chaka chatha pamsika n'kuwapuntha mwachiphamaso kuti alendo ajambule zithunzi, ndipo zimenezo tinagwirizana kuti sitidzachita.

Chimene timachita n'chakuti kumayambiriro kwa nyengo iliyonse komiti imakhala pansi ndi anyakwawa, ndipo tsiku likadziwika timalengeza kudzera m'matchalitchi, m'mizikiti, m'masukulu, pa tsiku la msika ndi pa mauthenga a WhatsApp, nthawi zambiri kutatsala masabata awiri. Mwezi wa chochitika chilichonse tikhoza kukuuziranitu. Tsiku lenileni ndi limene limadikira mvula ndi mtsinje.

Pali chinthu chinanso chimene chimasintha tsiku ngakhale titalengeza kale. M'mudzi mukagwa maliro, ng'oma siilira ndipo pabwalo sipachitika chilichonse kufikira mwambo wonse utatha. Wochokera kutali aziimba foni m'mawa wa tsikulo asananyamuke.

Kodi m'dzinja nyumbayi imakhala yotsegula?

Imakhala yotsegula, koma zochitika zimachepa kwambiri kuyambira Disembala mpaka Malichi, popeza aliyense amakhala ali kumunda kudzala, kupalira ndi kubandira. Ntchito yaikulu ya nyengoyi ndi kudzala mitengo, ndipo timaichita mogwirizana ndi nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imene imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo. Timakonda kudzala mitengo imene khomo lakale linkadalira: bwemba, masau, msangu ndi nimu, ngakhale nimu ndi wobwera. Madzulo a masiku amene kulibe mvula agogo amakamba nthano m'chisakasa, ndipo ana amapikisana pa ndagi ndi zilape.

Febuluwale ndi mwezi wa njala, ndipo sitiubisa. Amayi amaonetsa zakudya zimene zakhala zikupulumutsa anthu nkhokwe zikatha, makamaka nyika, mizu ya maluwa a m'madzi imene anthu a ku Nsanje amakumba m'madambo. Alendo ena amaseka akailawa n'kumva kuwawira kwake. Ife sitiseka nawo, chifukwa kukumba nyika ndi kulowa m'madzi momwe muli ng'ona, ndipo mabanja ena amachitabe zimenezi mpaka lero chaka chikavuta.

Nanga madzi akasefukira, katundu wa m'nyumbayi amapulumuka bwanji?

Aliyense wa kuno amakumbukira Januwale wa 2015, pamene Ruo ndi Shire anamiza midzi ya ku Makhanga ndi ku Chiromo, ndiponso anamondwe awa: Idai mu Malichi 2019, Ana mu Januwale 2022 amene anawononga damu la magetsi la Kapichira n'kudula msewu wa M1, ndi Freddy mu Malichi 2023. Chigwachi chili pansi kwambiri, moti malo otsikitsitsa m'Malawi muno ali kuno kumalire ndi Mozambique, mamita 37 okha pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo mvula yogwa ku Thyolo, ku Mulanje ndi ku Mwanza imathera kwa ife ngakhale kuno kusanagwe dontho.

Pa chifukwa chimenechi, mvula yoyamba ikangogwa timasamutsa bokosi la zinthu zosapezekanso n'kukaliika pamalo okwera, ndipo limabwerako madzi akaphwa. Wobwera m'dzinja saona makasu akale aja. Zotsala zonse timazikweza pansanja. Nyumba yeniyeniyo sitiidera nkhawa kwambiri, pakuti nyumba ya mitengo ndi dothi ikagwa imamangidwanso ndi manja omwewo, ndipo kumanganso kumeneko n'komwe kumaphunzitsa achinyamata luso lake. Chimene sichingamangidwenso ndi mawu a okalamba, n'chifukwa chake zimene timajambula akamafotokoza mbiri timazisunga m'malo oposa amodzi.

Ndi nyengo iti imene ili yabwino kwa munthu wobwera koyamba?

Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Misewu imakhala itauma, kutentha kumakhala kutachepa, ndipo zakudya zimakhala zilipo. Pa 18 Meyi, tsiku limene dziko lonse lapansi limakumbukira nyumba zosungiramo zinthu zakale, aliyense amalowa mwaulere. Limeneli ndi tsiku lokhalo limene timayesetsa kusalisuntha.

Kodi pa nthawi yokolola mumachita chiyani?

Kuseri kwa nkhokwe tili ndi kamunda kamene timadzalamo mapira, mchewere, khobwe, chitowe ndi mizere ingapo ya thonje. Tinasankha mbewu zimenezi dala. Mvula ya kuchigwa ndi yochepa ndiponso yosadalirika poyerekeza ndi ya kumtunda, ndipo mapira ndi mchewere zimapirira ng'amba imene imapha chimanga, koma ana ambiri a masiku ano amakula akuganiza kuti nsima yofiirira ndi ya anthu osauka. Mapira akayamba kukhwima, ana a sukulu amabwera kudzakwera pansanja kupirikitsa mbalame ndi legeni ndi zitini zomangirira pachingwe, ndipo ndi ntchito imene amaikonda koposa zonse chifukwa ndi yokhayo imene amaloledwa kukuwa mmene angathere.

Tsiku lopuntha limakhala la mudzi wonse. Ngala zimayanikidwa pabwalo lozira bwino, abambo amapuntha ndi ndodo, amayi amapeta ndi malichero atafulatira mphepo, ndipo mungu wa mapira umayabwa kotero kuti mlendo wovala malaya odula manja saiwala msanga. Mapira ena amanyikidwa kuti amere chimera, ndipo thobwa lake limamwedwa pa tsiku la magule. Masana onse amadya nsima ya mapira ndi mlamba wowamba kapena khobwe.

Tinamva kuti mumapota thonje. Kodi n'zoona kuti kale anthu a kuno ankaomba nsalu zawo?

N'zoona, ndipo iyi ndi mbali ya mbiri imene anthu ambiri, ngakhale alimi a thonje enieniwo, amadabwa nayo. Thonje silinabwere ndi atsamunda. Pamene David Livingstone anakwera mtsinje wa Shire mu 1859, anapeza Amang'anja akulima thonje, kulipota ndi kuomba nsalu m'midzi yawo, ndipo analemba za mitundu imene eni ake ankaitchula kuti tonje manga, lochokera kunja, ndi tonje kaja, la m'dziko momwemo. Nsalu zimenezi, pamodzi ndi makasu osula ndi mchere, ndi zimene anthu a kuchigwa ankasinthanitsa ndi anzawo a madera ena. Chimene atsamunda anasintha n'chakuti thonje linasanduka mbewu yogulitsa pa sikelo, nsalu za m'sitolo zinadzaza dziko, ndipo mlimi anayamba kugula chitenje ndi ndalama ya thonje lake lomwe.

Pakati pa Meyi ndi Julayi, thonje likatoledwa, timaonetsa ntchito yonse kuyambira pachiyambi. Thonje limaikidwa pa thabwa losalala, ndipo kachitsulo kozungulira kamagubuduzidwa pamwamba pake mpaka njere zitatuluka kutsogolo. Kenako limamasulidwa kuti lifewe, n'kuyamba kupotedwa pa kamtengo kokhala ndi cholemetsa kumapeto. Wopota amakoka ulusi ndi dzanja limodzi uku akuzungulitsa kamtengoko ndi linalo, ndipo akakoka mofulumira ulusi umaduka, akazengereza umatuluka wonenepa ngati chingwe cha mbuzi. Kale kupota ndi kuomba inali ntchito ya abambo, imene ankaichita atakhala pamthunzi akukamba milandu, ndipo anyamata amene amabwera akunena kuti zimenezi n'za amayi amachita manyazi akamva zimenezo. Kuomba nsalu yathunthu kumatenga nthawi yaitali kwambiri, choncho pa tsiku limodzi mlendo amangoona kachidutswa kotalika ngati chikhatho, koma amachoka akudziwa chifukwa chake nsalu inali chuma.

Kodi mumatengera alendo kumadimba ndi kumtsinje?

Inde, kuyambira Juni mpaka Seputembala, koma m'magulu ang'onoang'ono ndiponso ndi chilolezo cha eni madimba. Munthu sangamvetse khomo la kuchigwa atangoona munda wa kumtunda wokha, chifukwa banja la kuno lakhala likudalira minda iwiri: wa mvula, ndi wa kudimba kumene madzi osefukira amasiya chinyezi ndi nthaka yachonde. Madzi akamaphwa, anthu amawatsatira pambuyo akudzala chimanga, mbatata, nyemba ndi maungu, ndipo chaka chimene mvula yakanika kumtunda dimba ndi limene limadyetsa mudzi. N'chifukwa chake nkhani yosamutsa anthu kuti achoke m'mbali mwa mtsinje siikhala yophweka monga momwe imamvekera pa wailesi, ndipo eni madimba amaifotokoza okha bwino kuposa ife.

Asodzi amaonetsa kalukidwe ka mono, kaponyedwe ka chavi ndi kawambidwe ka mlamba ndi makakana. Kukwera bwato sitilola kwa ana a sukulu, ndipo palibe amene amaloledwa kusamba kapena kutunga madzi m'mphepete mwa Shire, ngakhale ataona eni mudzi akutero. Ng'ona ndi mvuu za mumtsinjewu si nthano. Ofuna kuona mbalame za ku Elephant Marsh, dambo limene linalowa m'ndandanda wa madambo otetezedwa wa Ramsar mu 2017, akonze ulendo wapadera ndi opalasa bwato odziwa njira zake.

Ndi chochitika chiti chimene chimasonkhanitsa anthu ambiri?

Ndi kufolera denga, kumene kumachitika cha mu Ogasiti kapena Seputembala, udzu utauma koma moto wolusa usanaupsereze. Kukonzekera kumayamba masabata angapo m'mbuyo, pamene banja lililonse limabweretsa mtolo wa udzu, ena nsungwi ndi bango, ena mlaza womangira. Pa tsikulo abambo amasasula udzu wakale, amaona phaso lililonse ngati chiswe chalowamo, n'kusintha zofumbwa. Wofolera amayambira m'munsi kukwera kumtunda, mzere uliwonse ukuphimba mfundo za mzere wapansi pake, ndipo mnyamata woponya mitolo kuchokera pansi akalakwitsa kaponyedwe amamva mawu amene sitingawalembe pano. Denga la nkhokwe limamangidwira pansi n'kunyamulidwa lathunthu, ndipo pamenepo mawu akuti mutu umodzi susenza denga amaoneka ndi maso, anthu ambiri atalowa pansi pake n'kumayenda ndi mapazi okha akuoneka.

Amayi amamata ming'alu ya m'makoma ndi kuzira pansi ndi dothi lakuda, kenako amakwecha ndi mwala wosalala mpaka pansi patawala. Mlendo amaloledwa kugwira nawo ntchito iliyonse kupatula kukwera padenga. Sitilipira aliyense pa tsikuli; komiti imangophika nsima ndi thobwa, monga momwe zimakhalira munthu akaitana anzake kuti adzamuthandize ntchito. Akuluakulu a Chisena amafotokozera achinyamata za nomi, magulu a anyamata ndi atsikana amene kale ankagwirira pamodzi ntchito m'minda ya anthu n'kudzachita phwando ndi zimene apeza nyengo ikatha.

Ena anatilangiza kuti tikhome malata pansi pa udzu kuti tisamavutike chaka ndi chaka. Tinakana, chifukwa tsiku limene denga lidzasiye kufuna anthu ndi tsiku limene ofolera adzayambe kutha m'mudzi muno.

Kodi mu Okutobala ndi Novembala, kukatentha kwambiri, mumatseka?

Sititseka, koma timasintha nthawi. Ku Ngabu, ku Nchalo ndi ku Bangula kutentha kumapitirira madigiri 40 m'miyezi imeneyi, choncho zochitika zimayamba dzuwa likangotuluka n'kuima lisanafike pamutu, ndipo zimayambiranso chakumadzulo. Wobwera ndi ana aang'ono kapena okalamba asankhe mwezi wina.

Komabe nyengo yotenthayi ndiyo ya ntchito ziwiri zimene sizitheka nthawi ina. Yoyamba ndi kuumba mbiya, chifukwa miphika ndi mitsuko imauma bwino isanawotchedwe. Yachiwiri ndi kutcheza mchere, ntchito imene amayi a Chimang'anja ankadziwika nayo. M'malo ena a chigwachi nthaka imatuluka zoyerayera pamwamba dzuwa likawomba kwambiri. Mayi amapala dothi lapamwambalo ndi chigoba kapena khasu lotha, amalithira mumphika woboola pansi umene wayalidwa udzu m'kati, n'kuthiramo madzi pang'onopang'ono. Madzi amadontha mumphika wina wapansi, ofiirira poyamba, ndipo iye amawalawa ndi chala kuti adziwe ngati dothilo latha mphamvu. Akawiritsa madziwo pamoto kwa maola angapo, m'mbali mwa phale mumayamba kumera timiyala totuwa. Mchere wotere timaupanga kuti anthu aone ndi kulawa basi. Sitiugulitsa, ndipo timakumbutsa aliyense kuti mchere wa pakhomo uzikhala wa ayodini monga momwe achipatala amalangizira.

Ino ndi nyengonso yoluka mikeka ndi zipewa za mlaza ndiponso yosema mipini pokonzekera dzinja. Malambe amakhala alipo, ndipo ana amapatsidwa madzi ake.

Kodi tidzaona magule anji?

Tsiku la magule limabwera zokolola zitalowa m'nkhokwe, nthawi zambiri mu Julayi kapena Ogasiti. Amayi amavina utse, abambo amavina likhuba, ndipo usiku kumalira ulimba, umene oimba angapo amaumenya pamodzi uku zikho za pansi pake zikunjenjemeretsa mawu. Akapezeka woimba bangwe timamupatsa mpata dzuwa litapendeka, anthu asanachuluke, chifukwa mawu a bangwe samveka pa phokoso. Nyimbo zimaimbidwa m'Chimang'anja ndi m'Chisena, ndipo timakhala ndi womasulira wa alendo. Magulu ovina amachokera m'midzi yozungulira ndipo amasinthana chaka ndi chaka kuti pasakhale mudzi wodandaula kuti ukusalidwa. Kufupa wovina ndi mwambo, choncho bwerani ndi ndalama zing'onozing'ono.

Nanga Gule Wamkulu ndi miyambo ya Mbona mumaionetsa?

Ayi, ndipo pano tikufuna kuti timvetsetsane. Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamuzindikira mu 2005, ali ndi eni ake ndi nthawi zake, monga maliro, ziliza ndi kulonga ufumu, ndipo amatuluka ndi chilolezo cha mfumu ya mzinda. Komiti ya nyumba yosungiramo zamakolo ilibe mphamvu yoitana gule kuti asangalatse alendo, ndipo m'nyumbayi simudzapezamo chilichonse cha kudambwe.

Za Mbona n'chimodzimodzi. Timafotokoza zimene aliyense wa kuno amadziwa: kuti Mbona anali wodziwa kuitana mvula, kuti anathawa adani ake kulowera kummwera, kuti anaphedwa ku Ndione, ndiponso kuti mutu wake unaikidwa m'nkhalango ya Khulubvi ku Nsanje, kumene kuli kachisi wake mpaka lero. Timafotokozanso kuti malowa ndi ogwirizana ndi ufumu wa Lundu, mfumu yaikulu ya Amang'anja, ndipo kuti mu 2011 dziko la Malawi linawaika pa ndandanda woyembekezera wa malo ofunika pa dziko lonse wa UNESCO. Koma sitimanga kachisi woyerekezera, sitithira nsembe yachionetsero, ndipo sitiperekeza anthu ku Khulubvi. Wofuna kukafika kumeneko apemphe kwa mafumu ndi osunga malowo, ndipo akatsatire zimene akamuuze pa nkhani ya zovala ndi nsapato. Chinamwali nachonso sitichionetsa. Anamkungwi amalankhula ndi alendo za cholinga chake chokha.

Kodi mbiri ya azungu oyamba ndi Amakololo mumaikamba?

Timaikamba, makamaka kwa ophunzira a sekondale, chifukwa zambiri zimene amawerenga m'kalasi zinachitikira pakhomo pawo pomwe. Livingstone anafika kwa Chibisa, pafupi ndi pamene pali boma la Chikwawa lero, ndipo sitima yake inalephera kupitirira mathithi a Kapichira. Bishopu Charles Mackenzie anamwalira pa 31 Januwale 1862 pafupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire. Amakololo, amene anachokera kumtunda kwa Zambezi ndipo anabwera ndi Livingstone, anatsalira kuno n'kukhala mafumu, ndipo maina monga Kasisi, Katunga, Maseya ndi Mlilima alipobe m'boma la Chikwawa. Njanji yochokera ku Port Herald, imene lero ndi Nsanje, inafika ku Blantyre mu 1908, ndipo munda wa nzimbe wa ku Nchalo unayamba m'zaka za m'ma 1960.

Nkhani ya Amakololo ndi Amang'anja imakambidwa mosiyana malinga ndi mudzi umene wokambayo akuchokera, ndipo ife sitiweruza. Timaitana akuluakulu a mbali zonse kuti aliyense afotokoze monga anamvera kwa makolo ake, ophunzira n'kufunsa mafunso. Makambirano otere timawaika kufupi ndi 6 Julayi, pamene anthu amakhala akukumbukira ufulu wa 1964.

Sukulu ikafuna kubwera ichite chiyani?

Aphunzitsi aakulu atilembere kalata kapena atumize uthenga kutatsala masabata awiri, atchule kalasi, chiwerengero cha ana ndi phunziro limene akufuna kuti ulendowo uthandize. Sitilandira makalasi awiri pa tsiku limodzi, popeza cholinga n'chakuti mwana aliyense agwire munsi, apere pamphero kapena ayese kupota, osati angoima kumbuyo kwa anzake. Teremu yachitatu ndiyo yabwino chifukwa imakumana ndi zokolola ndi thonje. Ana abwere ndi madzi akumwa, ndipo aphunzitsi atidziwitse ngati pali mwana amene sadya zakudya zina kapena amene amavutika kuyenda.

Mwana aliyense timamupatsa ntchito yopita nayo kunyumba: akafunse agogo ake dzina la chipangizo chimodzi chimene sichikugwiritsidwanso ntchito pakhomo pawo, ndipo akalembe mmene chinkagwirira ntchito. Zina mwa zinthu zimene zili m'nyumbayi tinazidziwa kudzera m'makope a ana.

Kodi kulowa n'kolipira, ndipo ndalamazo zimapita kuti?

Anthu a m'midzi imene imabweretsa udzu ndi kugwira ntchito salipira. Alendo ena amalipira kangachepe, ndipo mtengo wake umalembedwa pakhomo chifukwa komiti imauunikanso chaka ndi chaka. Aliyense wolipira alandire lisiti. Ndalamazo zimagulira chakudya cha tsiku lofolera, zimathokozera amisiri amene asiya ntchito zawo kuti aonetse luso, ndipo zotsala zimasungidwa kuti zidzathandize madzi akadzawononga. Msungichuma amawerenga ndalama zonse pamaso pa anyakwawa ndi anthu pa msonkhano wa pabwalo umene umachitika zokolola zikatha.

Kodi tingagule zinthu zakale, kapena kupereka zathu?

Zakale sitigulitsa, ngakhale munthu atatchula ndalama zochuluka bwanji, ndipo tikukumbutsa alendo kuti lamulo la Monuments and Relics Act limaletsa kutulutsa zinthu zotere m'dziko popanda chilolezo cha boma. Zimene mungagule ndi zatsopano: mikeka, malichero, miphika, mipini ndi zipande, ndipo ndalama yake imapita kwa mmisiri mwini.

Wofuna kupereka chinthu chakale ayambe wakambirana ndi abale ake, makamaka eni mbumba, chifukwa tinaonapo katundu akuperekedwa ndi munthu mmodzi kenako banja lonse n'kubwera kudzamuitanitsa. Timalemba m'kaundula dzina la chinthucho, mudzi umene chachokera, amene ankachigwiritsa ntchito ndiponso ngati chaperekedwa kotheratu kapena changobwerekedwa. Munthu akapeza mbiya, mikanda kapena mafupa polima kapena pokumba maziko, asafukule. Adziwitse amfumu kuti iwo adziwitse a nthambi ya boma yoona za zinthu zakale.

Kodi kujambula zithunzi n'kololedwa?

Nyumba, zipangizo ndi magule a pabwalo mukhoza kujambula. Munthu payekha muyambe mwamupempha, ndipo ana musawajambule popanda kholo kapena mphunzitsi kuvomera. Wojambula kanema woti akagulitse kapena kuulutsa akambirane ndi komiti komanso eni nyimbo asanayambe.

Tingafike bwanji, ndipo tibwere ndi chiyani?

Kuchokera ku Blantyre mumatsika phiri pa msewu wa M1 kudzera pa Thabwa, n'kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu. Mtunda wofika ku Chikwawa ndi pafupifupi makilomita 50. Msewu womwewo umapitirira ku Nchalo, Ngabu, Bangula mpaka ku Nsanje, ndipo maminibasi amayenda tsiku lonse. Kuchoka pa tala kufika kumudzi mumakwera kabaza kapena njinga yamoto, ndipo m'dzinja dothi la makande limamata kotero kuti galimoto yaing'ono siidutsa. Ambiri amaphatikiza ulendowu ndi kukaona nyama ku Lengwe kapena ku Majete, ndipo amagona kumeneko kapena m'malo ogona alendo a ku Nchalo, pakuti ife malo ogona tilibe.

Tengani madzi akumwa okwanira, chipewa, nsapato zotseka ngati mukupita kumadimba, ndi mankhwala othamangitsa udzudzu ngati mudzakhalepo mpaka usiku wa ulimba. Amayi atenge chitenje chifukwa pa zochitika zambiri anthu amakhala pamkeka. Mukafika, woyang'anira nyumbayi adzayamba wakuperekezani kwa anyakwawa kukapereka moni musanalowe pabwalo, ndipo gulu likakhala lalikulu ndi bwino kufika kutatsala ola lathunthu kuti mwambo umenewu usakudyereni nthawi ya chochitika chimene mwadzera.